Mabatani Olenjekeka M'malere: Mbiri ya Kampanda Kamene Kanasowa pa Kiyibodi

Tengani kiyibodi wamba ya mu ofesi, muiyang'ane cham'mbali, diso lanu lili pafupi ndi tebulo. Muona kuti mabatani ake amira pang'ono, ndipo pali kampanda ka pulasitiki kowazungulira kamene kakubisa zonse za pansi. Kenako yang'anani ya anyamata a magemu, yamagetsi aja osinthasintha mitundu. Kampanda kaja palibe. Tizipewa ta mabatani tangoti lenje pamwamba pa lata, ndipo pansi pa kachipewa kalikonse mukuona kabokosi kakang'ono, switchi, kali pambalambanda. Pachingerezi kapangidwe kameneka amakatchula kuti floating keycaps. Ine ndimangoti mabatani olenjekeka m'malere.

Otsatsa malonda amafuna tikhulupirire kuti kameneka ndi kapangidwe kamakono, ka m'badwo wathu uno. Sizoona. Mabatani anayamba ndi kulenjekeka. Anadzabisidwa pambuyo pake, anakhala m'dzenje zaka pafupifupi 50, kenako n'kuvundukulidwanso. Ndipo nthawi iliyonse imene kampandako kankabwera kapena kuchoka, panali chifukwa cha ndalama kapena cha makina, ngakhale kuti ogula ankauzidwa kuti nkhani ndi kukongola.

Tiyambire ku Milwaukee, m'dziko la America. Mu 1868, Christopher Latham Sholes, munthu wa nyuzipepala, pamodzi ndi Carlos Glidden ndi Samuel Soule analandira patenti ya makina otayipira. Kampani ya Remington, yomwe inkapanga mfuti ndi makina osokera, ndiyo inawatenga n'kuyamba kuwagulitsa mu 1874. Makina oyambawo ankaoneka ngatidi osokera: anali ndi maluwa ojambulidwa m'mbali, ndipo ankalemba zilembo zikuluzikulu zokhazokha. Batani la Shift linabwera ndi Remington No. 2 mu 1878. Dongosolo la QWERTY limene mukuligwiritsa ntchito pa foni yanuyo linachokera kumeneko.

Pa makina otayipira akale batani lililonse linali kandalama kozungulira kokhala pansonga ya kamtengo kapena kachitsulo kakatali. Ambiri anali ndi chilembo chosindikizidwa pa kapepala, kagalasi pamwamba, ndi mphete yachitsulo yomanga zonsezo. Mukasindikiza, mphamvu ya chala chanu ndiyo inkakweza kachitsulo kena kokamenya riboni ndi pepala. Panalibe mota. Choncho batani linkayenera kutsika patali ndithu, ndipo pansi pake pankafunika malo opanda kanthu. Kumanga mpanda pamenepo kukanangotchinga zala. N'chifukwa chake mukaona chithunzi cha Underwood No. 5, makina amene anadzaza maofesi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mabatani ake ali mizeremizere ngati masitepe, tizitsulo tonse tili poyera. Palibe amene ankati ndi sitayilo. Makinawo sakanagwira ntchito mwanjira ina.

(Kanthu kena kotsala kuchokera nthawi imeneyo: munaonapo kuti A sali pansi penipeni pa Q, koma wasendera pang'ono kumanja? Mizereyo anaipendeketsa kuti tizitsulo tija tidutsane bwino popanda kugundana. Tizitsuloto tinatha kalekale, koma kupendekekako kulipobe mpaka pa galasi la foni, pamene palibe chitsulo n'chimodzi chomwe.)

Magetsi ndiwo anasintha zinthu. Mota ikayamba kugwira ntchito yomenya pepala, chala sichifunikanso mphamvu, ndipo batani likhoza kutsika pang'ono chabe. Mu 1961 IBM inatulutsa Selectric, makina okhala ndi kampira kozungulira kokhala ndi zilembo zonse. Amene anajambula maonekedwe ake anali Eliot Noyes, katswiri wa zomangamanga, ndipo anawaveka chikopa chosalala chobisa chilichonse choyenda. Mabatani anakhala amakona anayi, oyandikana, omira m'chikopacho. Maganizo a nthawiyo, monga ndimawaonera ine, anali akuti chida chamakono chisaonetse matumbo ake. Sekeletale aone mabatani, makaniko yekha ndiye aone zamkati.

Kompyuta zitabwera zinangolowa m'maganizo omwewo. IBM PC ya mu 1981 inabwera ndi kiyibodi imene lero timaitcha Model F, ya mabatani 83, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1980 kunabwera Model M, ya mabatani 101, yomwe dongosolo lake ndi limene ambiri tinakulira. Mkati mwa batani lililonse munali sipuling'i yoimirira. Mukasindikiza imapanikizika mpaka imapindika mwadzidzidzi, n'kugwetsa kanyundo kakang'ono pansi. Kulira kwake kuja, kumene ena amakukonda ena kumawasowetsa mtendere, ndi sipuling'i ikumenya khoma la kachubu kake. Model M imalemera makilogalamu pafupifupi 2 chifukwa cha lata lachitsulo lobisika mkati, ndipo mpanda wake ndi waukulu moti pamwamba mukhoza kuikapo zolembera. Wogula sanali mnyamata wa m'chipinda chogona, anali banki, kampani ya inshuwalansi, boma. Anthu amenewo ankafuna chida chimene chingapirire khofi wotayika ndi timapini togwera mkati. Ma Model M ena a pambuyo pake anawaboola ngakhale timabowo totulutsira madzi. IBM inasiya bizinesiyi m'manja mwa Lexmark mu 1991, ndipo kuyambira 1996 kampani yaing'ono ya Unicomp ku Lexington, Kentucky ndiyo yakhala ikupanga makiyibodi a mtunduwu.

Model M simungaivule mpanda n'kukhala yooneka bwino, chifukwa timachubu ta masipuling'i tonse ndi thupi limodzi la pulasitiki. Kuti mabatani adzalenjekekenso, pankafunika switchi yoima payokha, yokhala ndi kanyumba kakekake. Imeneyo inachokera ku Cherry. Kampaniyi anaiyambitsa Walter Cherry ku Illinois mu 1953, koma ntchito ya makiyibodi inakakhazikika ku Germany, m'tauni ya Auerbach ku Bavaria. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anatulutsa switchi ya MX. Ndi kabokosi kotsekeka, mkati muli sipuling'i, tizitsulo tiwiri togundana, ndi kamtengo koyenda kokhala ndi mutu wooneka ngati mtanda. Kamtengoko kamatsika mamilimita 4, ndipo chilembo chimalembeka kakafika pafupifupi pa theka. Kachipewa kalikonse kokhala ndi bowo la mtanda pansi pake kamalowa. Mtanda umenewu ndiwo wakhala chilankhulo chimodzi cha dziko lonse la makiyibodi. Kachipewa kopangidwa ku Germany kamakwana pa switchi yopangidwa ku China popanda kufunsana.

Chodabwitsa n'chakuti Cherry yeniyeniyo inapitiriza kuibisa switchi yake. Makiyibodi ake otchuka monga G80-3000 anali ndi kesi ya pulasitiki yotuwa yokhala ndi mpanda, ngati wina aliyense. Chida chovundukulira chinalipo, koma kwa zaka zoposa 25 makampani akuluakulu sanaone chifukwa chochionetsera.

Komanso zaka za m'ma 1990 sizinali zabwino kwa maswitchi. Mitengo ya kompyuta inkatsika, ndipo opanga anapeza njira yotchipa: chinsalu chimodzi cha labala chokhala ndi timatuza, tuza limodzi pa batani lililonse, pamwamba pa timapepala ta pulasitiki tokhala ndi njira za magetsi. Kiyibodi inasanduka basera, chinthu chongoponyedwa m'katoni mukagula kompyuta. Ndi zimene ambiri a ife tinaphunzirirapo kutayipa, mu labu ya pasukulu kapena mu intaneti kafe, batani la Enter litafufutika. Pa kiyibodi yotereyi mpanda ndi wofunika kwambiri, chifukwa timabowo ta m'kesi ndito timagwira mabatani kuti ayende mowongoka. Ndiponso labala wotuwa angamuonetse ndani?

Panali anthu ochepa amene sanavomereze. Ku Japan, pulofesa Eiiti Wada pamodzi ndi kampani ya PFU anatulutsa Happy Hacking Keyboard mu 1996. Wada ankayerekeza kiyibodi ndi chishalo cha wokwera hatchi: hatchi ikafa amaisiya, koma chishalo amachinyamula chifukwa chinazolowera thupi lake. Kompyuta zimatha, kiyibodi yabwino imatsala. Ganizo limenelo linadikira zaka zambiri kuti lipeze anthu ambiri olimvera.

Amene anaukitsa maswitchi pamsika waukulu ndi osewera magemu. Iwowa ankafuna batani lomva msanga, lolola kusindikiza angapo nthawi imodzi popanda lina kusowa, komanso losatha msanga, ndipo Cherry inkalonjeza kuti MX imapirira kusindikizidwa ka 50 miliyoni. Razer inatulutsa BlackWidow mu 2010, yokhala ndi maswitchi a Cherry, koma inali idakali ndi mpanda wake wa pulasitiki wonyezimira. Kampani imene inatchukitsa kuchotsa mpandawo ndi Corsair ya ku California, yomwe anthu ankaidziwa ndi RAM ndi zida zamkati mwa kompyuta. Chakumapeto kwa 2011 inatulutsa Vengeance K60 ndi K90. Pamwamba pake panali lata la aluminiyamu lopalidwa bwino, maswitchi ofiira a Cherry atakhomedwa palatalo, tizipewa tili m'malere. K60 inabwera ndi tizipewa tofiira tapadera ta W, A, S ndi D. Inalinso ndi kachinyengo kamene ogula sanakakonde: mabatani ena, monga mzere wa F1 mpaka F12, anali a labala. K70 ya mu 2013 inakonza zimenezo, mabatani onse anakhala a switchi, ndipo ndi imene inakhala chithunzi cha kapangidwe kameneka m'mitu ya anthu.

Apa ndi pamene ndimafuna tichedwepo, chifukwa nkhani ya ndalama ili pomwepa. Kiyibodi ya maswitchi yachizolowezi ili ndi zigawo zinayi: kesi yapansi, bolodi yamagetsi, lata logwira maswitchi, ndi kesi yapamwamba yokhala ndi mpanda uja. Mukachotsa kesi yapamwamba, lata lija limagwira ntchito ziwiri, kugwira maswitchi komanso kukhala nkhope ya kiyibodi. Mwachepetsa chigawo chimodzi. Ndipo si pulasitiki yokha imene mwapulumutsa. Kuti muumbe kesi ya pulasitiki mumafunika chikombole chachitsulo chosemedwa mosamala, chodula kwambiri, ndipo kesi yapamwamba ndiyo yovuta chifukwa ndi imene wogula amaiona, siyenera kukhala ndi chilema. Lata mumangolidula, kuliboola, kulipinda m'mphepete, basi. Wogula akaligwira amamva kuzizira kwa chitsulo n'kunena kuti koma ichi ndiye chida. Sikawirikawiri kuti njira yochepetsa zigawo ikhalenso yooneka yapamwamba. Ya Corsair sinali yotchipa, koma amene anaitengera anaona msanga phindu lake.

Ndipo otengerawo anachuluka, chifukwa chitetezo cha patenti ya MX chinali chitatha. Mafakitale a ku China monga Kailh, Gateron ndi Outemu anayamba kupanga maswitchi a mtanda womwewo pa mtengo wotsika. Mu 2014 Razer yeniyeniyo inasiya Cherry pa makiyibodi ake akuluakulu n'kuyamba kugwiritsa ntchito maswitchi obiriwira opangidwa ndi Kailh. Phatikizani switchi yotchipa ndi lata losafuna kesi yapamwamba, mwapeza kiyibodi imene mwana wasukulu angaikwanitse. Zambiri zimene zimafika m'mashopu athu a zamagetsi, zokhala ndi mayina a zinjoka ndi mimbulu pa katoni, ndi zidzukulu za ukwati umenewu.

Chifukwa chachiwiri chinali kuwala. Poyamba kiyibodi yowala inali ndi kababu kamodzi kolowetsedwa m'switchi iliyonse, ka mtundu umodzi, kofiira kapena kabuluu. Mu 2014 Cherry ndi Corsair anatulutsa MX RGB: kanyumba ka switchi kanakhala koonekera ngati galasi, ndipo kababu kakang'ono kokhala ndi mitundu itatu, kufiira, kubiriwira ndi buluu, kanamatidwa pa bolodi pansi pake. Mtundu uliwonse uli ndi milingo 256, ndiye mukachulukitsa katatu mumapeza mitundu 16.8 miliyoni ija imene imalembedwa pa katoni iliyonse, ngakhale diso la munthu silingaisiyanitse yonse. Tsopano taganizani: switchi yonse ikuwala, ndiye muitsekere kuseri kwa mpanda? Popanda mpanda kuwala kumatayikira pa lata, kumatuluka m'mbali, kiyibodi yonse imaoneka ngati yakhala pa nyali. Nthawi yomweyo anthu anali atayamba kuonera anzawo akusewera pa Twitch ndi YouTube, ndipo kiyibodi inasanduka chinthu choonekera pa kamera. Pofika 2016 ndi 2017, Razer inali ndi BlackWidow X, HyperX inali ndi Alloy FPS, Logitech inali ndi G413, zonse zopanda mpanda. Kunabweranso tizipewa totchedwa pudding, takuda pamwamba koma toyera m'mbali, topangidwira kuti kuwalako kuchuluke.

Panalinso njira ina yofikira pomwepo, ya anthu opanga makiyibodi kunyumba. Munthu mmodzi sangagule chikombole, koma angathe kutumiza chojambula kwa wodula malata ndi leza, n'kulandira lata lapamwamba ndi lapansi, kulumikiza ndi timabawuti. Mabatani amalenjekeka chifukwa palibe njira ina yotchipa. Planck ya Jack Humbert, kakiyibodi ka mizere 4 ya mabatani 12, kanatchuka m'njira imeneyi, ndipo kanataya ngakhale kupendekeka kwa mizere kuja kwa nthawi ya Sholes. Humbert yemweyo ndi amene anayambitsa QMK, pulogalamu yaulere yolola munthu kuuza batani lililonse chimene lilembe. Kwa ife olemba Chichewa zimenezi si zachabe. Q ndi X sitimazigwiritsa ntchito m'mawu athu, pamene ŵ wa Malaŵi alibe batani, ndipo ndimakhulupirira kuti kusowa kwa batanilo n'chimodzi mwa zimene zikumuchotsa m'zolemba zathu. Ndi mtanda wa Cherry ndi pulogalamu ngati imeneyo, munthu akhoza kumupatsa malo ake ndi kachipewa kake.

Nanga kulenjekekaku n'kwabwino kapena ayi? Pa fumbi, ine ndili mbali ya opanda mpanda. Aliyense amene anakhalapo ku Lilongwe mwezi wa Okutobala akudziwa kuti fumbi silipempha chilolezo. Lidzalowa ndithu, mpanda ulipo kapena palibe. Funso n'lakuti lituluka bwanji. Mu kiyibodi ya mpanda, fumbi, tsitsi ndi nyenyeswa za buledi zimagwera m'dzenje n'kukhazikika, mpaka mutazula tizipewa tonse. Pa yopanda mpanda mumangoipendeketsa, kupititsa kaburashi m'mizere, zonse zimagwera patebulo. Ndipo musaderere fumbi. Apple, kampani yolemera choncho, inagonja nalo. Kiyibodi yake yopyapyala ya butterfly, imene inayamba mu MacBook ya 2015, inkafa ndi kanyenyeswa kamodzi kolowa pansi pa batani, ndipo munthu wamba sakanatha kukachotsa popanda kuthyola kanthu. Mu 2018 anayamba kukonza mwaulere, chakumapeto kwa 2019 anayamba kubwerera ku kapangidwe kakale, ndipo mu 2022 anavomera kulipira madola 50 miliyoni pa mlandu wa ogula ku America. Imeneyo si kiyibodi ya maswitchi a MX, koma imaonetsa chimene chimachitika chida chikapangidwa moti dothi lilowe koma mwini wake asalifikire.

Koma mpanda sunali wopusa. Ikani kiyibodi yopanda mpanda m'chikwama, mukwere nayo minibasi yodzaza, muone. Mabatani a m'mphepete, Esc, Ctrl, mivi ija, alibe chowateteza. Kachipewa kakakodwa m'nsalu kamazuka, ndipo tsiku loipa kamapita ndi mutu wa mtanda uja. Ngati switchi ndi yowotcherera pa bolodi, mwayamba kufunafuna wa mafoni wokhala ndi chowotcherera. Madzi akatayika pa lata amapita molunjika ku maswitchi. Phokoso nalonso limatuluka lonse, lakuthwa, lachitsulo, moti ngati mumagona chipinda chimodzi ndi mnzanu, adzadziwa chiganizo chilichonse chimene mwalemba usiku.

Phokosolo ndilo linabwezeretsa mpanda. Ku South Korea magulu a okonda makiyibodi anali atayamba kale, chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, kupanga makesi olemera osemedwa kuchokera ku chibuma cha aluminiyamu, okhala ndi mpanda wautali wobisa maswitchi. Anali ochepa, odula, ogulidwa pogwirizana gulu. Pang'onopang'ono amenewo ndiwo anakhala muyeso wa chida cha munthu wodziwa. Mungaone kusinthaku pa kampani imodzi: Massdrop inatulutsa CTRL ndi ALT mu 2018 zili zolenjekeka, ndipo posakhalitsa inatulutsa mitundu ina ya makiyibodi omwewo yokhala ndi mpanda, pa mtengo wokwererapo. Mliri wa 2020 utatsekera anthu m'nyumba, mavidiyo a kulira kwa makiyibodi anafala, maikolofoni ataikidwa pafupi, anthu akufunafuna kulira kozama kumene amakutcha thock. Kulira kotero kumafuna kesi yotsekeka, thonje kapena siponji mkati, ndi lata lokhala pa timalabala tofewa. Mu 2021 GMMK Pro ya Glorious ndi Q1 ya Keychron zinabweretsa kapangidwe kameneka pa mtengo umene anthu ambiri angaufikire. Zaka za kamera zinachotsa mpanda, zaka za maikolofoni zinaubweza.

Chimene chimandinyansa m'nkhaniyi ndi kunyozana kumene kunatsatira. Lero m'magulu a okonda makiyibodi, yolenjekeka amaiona ngati ya mwana, ya munthu amene sanadziwebe. Koma switchi yake ikhoza kukhala yomweyo, tizipewa tomwetomweto, zilembo zikutuluka chimodzimodzi. Kusiyana kwake ndi mamilimita ochepa a aluminiyamu m'mphepete, ndi mtengo. Munthu amene ali ndi ndalama zochepa ndipo akufuna chida cholembera zaka zambiri, ndingamuuze kuti asavutike ndi za mpanda. Afunse kaye ngati maswitchi ake amazuka popanda kuwotcherera, zimene amazitcha hot-swap, ngati chingwe chake chimachoka, ndiponso ngati mzere wapansi uli ndi mabatani a kukula kwachizolowezi kuti tizipewa tina tidzakwane. Pa mfundo yomalizayi K70 yotchuka ija inavutitsa anthu kwa zaka zambiri, chifukwa mzere wake wapansi unali wa miyeso yakeyake.

Kulenjekeka sikunathe ayi. Kwangopeza ogula ena, olakalaka zakale zimene sanazione. Mu 2014 Qwerkywriter inapeza ndalama pa Kickstarter: kiyibodi ya tizipewa tozungulira tokhala ndi mphete zonyezimira, tili m'malere ngati pa Underwood, pansi pake maswitchi amakono, yolumikizidwa ndi tabuleti kudzera pa Bluetooth. Azio ndi Lofree anatulutsanso zawo za tizipewa tozungulira. Qwerkywriter ili ndi chogwirira chachitsulo kumanzere, chofanana ndi chija chimene sekeletale ankakankha pomaliza mzere kuti pepala likwere. Mukachikankha chimagwira ntchito ya Enter. Pepala loti likwere palibe.